Bokosi la Wedisoni

Lole ya asilikali inaima pakhomo pa Ligineti Lachiwiri m'mawa, iye ali chiweramire kusankha tomato wopita naye kumsika. Munatsika asilikali awiri, natsitsa bokosi lamaliro latsopano, lonunkha vanishi, n'kulikhazika pakhonde mosamala ngati kabati ya mbale.

"Ndinu akazi a Wedisoni Chimbalanga?" anafunsa wamtali, buku lili m'khwapa.

"Ndine. Atani?"

"Sanatani. Amaliza kulipira. Dindani chala apa."

Ligineti anagwira chitseko. Mwamuna wake anali atatha miyezi itatu ku Kampu ya Limbamtima, kumene anyamata a mu ufumu wa Zidzakoma amaphunzira usilikali. Lamulo la kumeneko ndi loti mpaka itakwana miyezi isanu ndi umodzi, wophunzira salemba kalata, salandira mlendo, ndipo ngakhale kwawo kugwe matalala iye samva.

"Ndikufunsa kuti ali moyo kapena ayi?"

"Dzulo ndinawaona akuthamanga ndi chipika paphewa. Za lero sindingalumbire. Dindani, mayi, mafuta akutha."

Anadinda. Lole inapita.

Isanakhote n'komwe, anansi anali ataliona bokosi. Mfuu inayambira kuseri kwa mpanda. Azibambo anathyola masamba n'kuyala pamsewu, amayi a mpingo anafika ndi nyimbo, ndipo wina anamasula thumba la chimanga la Ligineti osapempha, poti pamaliro sapempha. Iye anaima pakati pa bwalo n'kunena mokweza kuti mwamuna wake ali moyo, m'bokosimo mulibe munthu, atsegule aone okha. Anatsegula, anaona, ndipo kulira kunakula.

"Ngakhale mtembo awamana!"

"Chisoni chawasokoneza mutu. Akhazikeni pamphasa."

Analira masiku atatu. Ndiwo zitatha chisoni chinachepa, anthu anabalalika.

Anatsala a Dausi, mkulu wake wa Wedisoni. Masiku atatu onsewo iwo analira maso ali kudenga, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Malata analipo makumi awiri ndi anayi.

"Mlamu, pepani kwambiri," anatero atakhala pampando wa mwini nyumba. "Mwambo mukuudziwa. Loweruka la sabata yamawa tibwera kudzakusudzulani, mubwerere kwanu ndi mtendere. Malatawa, popeza anagula ndi mng'ono wanga, tidzasunga ife."

"Malatawa ndi tomato wanga, alamu. Ndipo mng'ono wanu ali moyo."

"Boma silitumiza bokosi kwa munthu wamoyo. Inu ndi boma wodziwa ndani?"

Ligineti anakokolola chimanga chotsala n'kuchithira m'bokosimo, poti linali ndi chivundikiro chabwino choti khoswe sangalowe. Anatenga mapepala atatu a malipiro amene ankabwera mwezi ndi mwezi mu envelopu pamodzi ndi makobiri asanu ndi awiri, anabereka mwana wake Yankho, ndipo Lolemba anauyatsa wapansi wa ku likulu, ku Bweramawa.

Ku Ofesi ya Malipiro a Asilikali anaima pamzere tsiku lonse, kenako anamuuza kuti abwere mawa. Anabwera. Kalaliki wa pamenepo anali a Zalembedwa, bambo wa magalasi omanga ndi ulusi, amene chiyambire ntchito anali asanakwiyepo kapena kuseka.

Ligineti anayala mapepala patebulo.

"Bambo, sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma kuwerenga ndimatha. Pamwamba apa palembedwa makobiri zana limodzi. Pansi apa asanu ndi awiri. Enawo amathera panjira iti?"

"Funso labwino. Ambiri amangolira." A Zalembedwa ananyowetsa chala. "Apa ndi chakudya. Apa kumeta mutu, kanayi pamwezi."

"Amuna anga ali ndi dazi."

"Lumo silidziwa zimenezo. Apa jombo yakumanja. Apa jombo yakumanzere."

"Sizibwera pamodzi?"

"Zimachokera ku maunduna awiri osiyana. Apa ndi kuperepesa bwalo la perete ndi mapazi. Apa mankhwala a pakhosi a sajeni, poti amakalipira amuna anu tsiku lonse, ndipo pakhosipo ndi pa boma. Apa zipolopolo."

"Ayamba kale kuwombera?"

"Ayi, mfuti sizinafike. Akuphunzira ndi mipini ya makasu. Koma zipolopolo zikuwadikira m'nyumba yosungira, ndipo nyumbayo ili ndi mlonda, mlondayo ali ndi ana. Iyi yaing'onoyi ndi ya inki imene timalembera zodulazi."

"Nanga iyi yaikuluyi?"

"Eya, tafika. Ndi bokosi. Msilikali aliyense timamudula kobiri limodzi pamwezi, kuti tsiku lake likadzafika asadzavutitse boma. Onse amafa kapena kukalamba asanamalize. Koma amuna anu atamva kuti ali ndi bokosi la ngongole, anabwera okha kwa wolipira wa ku kampu, nati tulo sakuliona, awadule msanga nkhaniyo ithe."

Apa Ligineti sanafunse kawiri. Ameneyo anali Wedisoni ndithu, munthu amene akabwereka machesi kwa mnansi ankabweza atawerenga timitengo.

"Chiyambire ufumu uno," anapitiriza a Zalembedwa, "palibe anamalizapo kulipira bokosi akupuma. Iwo ndi oyamba. Tsono lamulo lachisanu likuti katundu amene msilikali wamaliza kulipira aperekedwe kwa banja lake. Tinapereka. Lamulo lachisanu ndi chimodzi likuti bokosi likatuluka mosungira, mwini wake alembedwe m'Buku la Akufa. Tinalemba." Anatembenuza buku lakuda kuti mayiyo aone dzina. "Pepani, mayi. Anali munthu wolongosoka."

"Koma akuthamanga ndi chipika ku Limbamtima!"

"Zimenezo ndi za ku kampu. Kuno anafa Lolemba lapitalo."

"Ndiye fufutani."

"Bukuli silifufutidwa. Woukitsa munthu ndi mfumu yokha, Lachinayi masana. Koma musanapite dindani apa. Ndi chipepeso cha mkazi wamasiye, chizibwera mwezi uliwonse."

Envelopuyo inali yolemera. Ligineti anatsegula pomwepo, poti sanali munthu wokhulupirira envelopu yotseka. Munali zana limodzi lathunthu.

"Simunadule?"

"Tidule chiyani? Wakufa sadya, sameta, saperepesa bwalo. Wotsatira!"

Lachitatu anapita kumsika wa Bolako, poti tomato sadikira milandu. Nkhani inali itafika iye asanayale thumba. Mayi Dorofe, wogulitsa usipa pafupi naye, amene mwamuna wake analinso ku kampu komweko, anafunsa kawiri kuti amve bwino.

"Zana lathunthu? Iwe Ligineti, wanga ali moyo miyezi itatu yonseyi ndipo zomwe wanditumizira zangokwana sopo ndi mchere. Amalembetsa kuti?"

Bambo wogulitsa makala anaponyapo lake osatukula mutu. "M'dziko muno munthu amayamba kupindula akafa. Maliro a nduna ija chaka chatha, mpunga unakwana aliyense. Ili moyo tinadyapo chiyani?"

"Sekani," anatero Ligineti, akupanga milu. "Loweruka a Dausi akubwera ndi hamala. Ndalamazo ndizifunda mvula ikamagwa? Ndipo akandisudzula, miyezi itatu ikubwerayi Wedisoni adzatuluka n'kupeza nyumba yopanda denga, mkazi wake ali kwawo, amalume atamupezera kale mwamuna wina wa njinga."

"Wa njinga si woipa," anatero Dorofe.

"Ndikufuna wadazi yemweyo."

Mfumu Mkhutakale Wachitatu inkamva madandaulo Lachinayi itatha kudya, chifukwa alangizi ake anapeza kuti mfumu yanjala imamvetsa msanga za anthu osauka, ndipo zimenezi n'zoopsa ku chuma cha dziko. Kumanja kwake kunakhala a Dyeratu, Nduna ya Nkhondo ndi Zodula. Nkhondo mu Zidzakoma inali isanachitike chiyambire nthawi ya agogo ake a mfumu, choncho ndunayo inkalimbikira mbali yachiwiri ya udindo wake.

Ligineti anagwada, anawomba m'manja, nafotokoza mwachidule. A Dyeratu anayankha mwautali.

"Mwini dziko, inu amene mukatsokomola mitambo imasonkhana! Inu amene mthunzi wanu umafika kumalire musanadzuke pampando! Mayiyu sakumvetsa kuti kudula ndi mbali ya maphunziro. Msilikali amene sangapirire kudulidwa malipiro adzapirira bwanji kudulidwa mwendo? Ife timayambira kuthumba kuti thupi lizolowere. Banja nalonso timaliphunzitsa ulere, kuti nkhondo ikadzabwera njala isadzakhale mlendo pakhomo. Ndi dziko liti limene limaganizira mabanja chotere?"

Anthu a m'bwalo anawomba m'manja, poti owomba analipo olembedwa ntchito.

Mfumu inatsegula diso limodzi. "Nanga munthuyo anafa kapena sanafe?"

"Buku likuti anafa, mwini dziko."

"Mayiyu akuti chiyani?"

"Akuti sanafe. Koma alibe buku."

Mfumu inaganiza mpaka ena anayesa yagona. Kenako inati, "Kamutengeni, timufunse mwini wake."

Kampu inali kuseri kwa mpanda wa nyumba yachifumu, kuti lipenga lizidzutsa mfumu nthawi ya tiyi, choncho sipanatenge nthawi. Wedisoni analowa akuguba, sajeni ali pambuyo. Poyamba Ligineti sanamuzindikire. Khosi linali litatalika, yunifomu ikulendewera ngati aiyanika pachingwe, dazi lili ndi mabala a lumo. Yankho anasuzumira kumsana kwa mayi wake, namuyang'ana, n'kubisa nkhope.

A Dyeratu anafulumira kuimirira mfumu isanafunse.

"Mwini dziko, akanena kuti ali moyo, njira ilipo, ife si ankhanza. Abweze zana limene mkazi wake walandira. Alipire ya chiukitso, poti kutsegula Buku la Akufa si masewera. Maphunziro ayambirenso tsiku loyamba, chifukwa miyezi itatu ija anaphunzira ndi malemu. Ndipo munthu watsopano afunika bokosi latsopano."

Wedisoni anapempha kuti alankhule kaye ndi mkazi wake. Ananong'ona, koma ku kampu anali atazolowera kuyankha mokuwa, choncho bwalo lonse linamva.

"Amake Yankho, mwezi uno mwalandira zingati?"

"Zana."

"Ndili moyo munkalandira zingati?"

"Mukudziwa. Asanu ndi awiri."

"Mwanayu akudya?"

"Dzulo wadya dzira."

Wedisoni anayang'ana mwanayo nthawi yaitali. Kenako anatembenuka, anagunditsa jombo, dzanja pachipumi.

"Mwini dziko, ndinafa. Lolemba lapitalo."

"Bambo a Yankho!" Ligineti anaiwala kuti ali pabwalo. "Mwapenga? Achimwene anu akubwera Loweruka kudzazula malata ndi kundisudzula!"

"Malata mudzagula ena ndi zanalo."

"Nanga mwamuna ndidzagula kuti?"

Maso a Wedisoni anali kutsogolo monga anamuphunzitsira.

Mfumu inakondwa kwambiri. "Mwamva nonse. Buku silinama. Mlembi, lemba kuti mu ufumu wanga ngakhale akufa amayankha mwaulemu."

"Malemu!" anakuwa sajeni. "Kumbuyo tembenu! Ku kampu, guba!"

Ligineti anaimirira. Pabwalo la mfumu munthu saimirira asanauzidwe, koma iye anali ataima pamzere masiku awiri, atadyetsa mudzi wonse chimanga chake, ndipo ulemu unali utatsala wochepa.

"Mwini dziko, funso limodzi. Kuno kwathu mtembo ndi wa ndani?"

"Wa abale ake," inayankha mfumu. "Ndi mwambo wa makolo, ndipo mlonda wa miyambo ndine."

"Bokosi ndinalandira. Mtembo sindinalandire. Anthu analira masiku atatu pa bokosi lopanda kanthu, ndipo mpaka lero kumsika akuti boma la mfumu yathu limamana anthu mitembo. Ndabwera kudzatenga wanga."

A Dyeratu analumpha. "Koma ameneyu akuguba!"

"Buku likuti chiyani, a nduna?" anafunsa Ligineti.

Ndunayo inaitanitsa buku la malamulo, inatsegula kutsogolo, inatsegula kumbuyo, inaligwedeza kuti mwina mugwa tsamba lina. Lamulo lachisanu ndi chiwiri linali pomwepo, la zilembo zikuluzikulu: mtembo wa msilikali uperekedwe kwa mkazi wake mosachedwa, usanayambe kununkha.

Mfumu inanunkhiza cha kumene kunali Wedisoni, amene anali atathamanga chiyambire m'mawa osasamba.

"Mupatseni msanga."

Lole ya boma inalibe mafuta, choncho mtembo unayenda wapansi, mwana ali paphewa. Jombo anauvula pachipata, poti yakumanzere inali isanathe kulipiridwa. Panjira Ligineti anagula chinangwa chootcha, Wedisoni anadya zitatu motsatizana.

"Munadulitsiranji bokosi msanga chonchija osandifunsa?" anafunsa mkaziyo chachinayi chisanayambike.

"Ndinkafuna ndidzabwere kunyumba wopanda ngongole."

"Mwabweradi. Pukutani kukamwa, anthu akuona."

Loweruka a Dausi anafika ndi hamala, makwerero ndi ngolo yobwereka. Anapeza mng'ono wawo atakhala pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda, akusenda mbatata. Anaima chapatali.

"Wedisoni. Akuti unafa."

"Eya, achimwene. Zili m'buku."

"Nanga ukutani pano?"

"Ndikupuma. Koma akufa sapuma bwino denga likachoka, achimwene. Amayendera amene analisasula, mpaka kuchipinda."

A Dausi anayang'ana hamala, anayang'ana denga, anayang'ananso mng'ono wawo, amene mapewa ake, ngakhale anali owonda, anali atanyamula chipika miyezi itatu.

"Ine ndimati ndidzakhomerere misomali ina yagwedera."

"Yambirani kuseri," anatero Ligineti akutuluka m'nyumba. "Kukudontha pamwamba pa bedi."

Anawagwirira makwerero mpaka anamaliza, nawapatsa mbatata imodzi.

Mwezi usanathe, ophunzira makumi anayi a ku Limbamtima anali pamzere kwa wolipira, aliyense akuti tulo sakuliona, amudule msanga. Woyamba pamzerewo anali mwamuna wa Dorofe. Opala matabwa a ku Bweramawa anagula mawayilesi. Mfumu itamva, inalamula kuti alengeze m'misika yonse kuti Zidzakoma ndi dziko lokhalo pansi pano lokhala ndi asilikali amene mdani sangawaphe, ndipo inawaveka a Dyeratu mendulo.

Wedisoni mpaka lero sangalembedwe ntchito ya mapepala, sangakhale mboni pamlandu, ndipo mwana wawo wachiwiri atabadwa, kalaliki wa kuchipatala anamuyang'ana bamboyo atanyamula khanda, n'kulemba kuti mwanayo ndi wamasiye. Iye amanyamulira mkazi wake madengu a tomato, ndipo anthu a ku Bolako amamupatsa moni ngati wina aliyense, kupatula kuti pogula samunenerera mtengo.

Tsono inu amayi ndi abambo amene muli ndi anu ku kampu, pepala likabwera mwezi woyamba musangolipinda n'kuliika pansi pa mphasa. Lifunseni mzere ndi mzere, musadikire lole pakhomo. Ndipo inu a cholembera ndi chidindo, amene mwamva nkhaniyi mukuseka ngati ikunena anzanu a ofesi inayo, chitani bwinoko. Munthu muzimulipira akupuma.